Mkuwa m'sitenilesi: kodi andigulitsa chitsulo chachinyengo?

Mmisiri wina wowotcherera zitsulo watilembera kuti: "Ndagula mabawuti a sitenilesi (chitsulo chosachita dzimbiri msanga) olembedwa A2, koma pepala la kufakitale likuti muli mkuwa 3.5 peresenti. Kodi sanandipusitse?"

Ayi achimwene, mtima m'malo. Mkuwawo anauthira dala. Sitenilesi wamba wa 304, wa chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti, amauma msanga mukamamupinda kapena kumufinya asanatenthe, chifukwa mbali ina ya austenite (mpangidwe wa mkati mwa chitsulo wofewerapo, wosakoka maginito) imasanduka martensite (mpangidwe wouma, wokoka maginito). Tayikani maginito pakona ya sinki: amakakamirako pang'ono, pomwe pamalo osapindidwa amangotsetsereka. Ndiye popanga mutu wa bawuti, kuuma kumeneku kumang'amba mutuwo ndiponso kumadya zikombole. Mkuwa wa 3 mpaka 4 peresenti umagwira austenite kuti isasinthe, waya wopangira mabawuti n'kumafinyika bwinobwino osang'aluka. Chitsulochi amachitcha 302HQ kapena 304Cu, ndipo muyezo wapadziko lonse wa mabawuti a sitenilesi, ISO 3506, umalola mkuwa mpaka 4 peresenti m'gulu la mabawuti lotchedwa A2.

Ntchito ina ya mkuwa ili pa asidi wa sulfuric, amene amadya 304 mosavuta. N'chifukwa chake pa zitsulo zopangidwira kupirira asidiyu, 904L imakhala ndi mkuwa 1 mpaka 2 peresenti, Alloy 20 imakhala ndi 3 mpaka 4. Koma pa mchere musaudalire mkuwa. Timaenje ta dzimbiri tobwera ndi madzi amchere timapewedwa ndi chitsulo china chothiramo chotchedwa molybdenum, choncho pamalo otere gulani mabawuti a A4, amene ndi sitenilesi wa 316 wokhala ndi molybdenum.

Pomwe ndikufuna musamale kwambiri ndi pamoto. Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1085, chitsulo chikadali cholimba. Ukachuluka kuposa 4 peresenti, chitsulo chimayamba kung'aluka pochisula chili chofiira. Zomwezi zimachitikanso mkuwa ukalowa kuchokera kunja: kansonga ka mkuwa ka tochi ya MIG (makina owotcherera odzitulutsira okha waya) kakakhudza pamene pasungunuka, kapena mbale ya mkuwa yoyika kunsi kwa msoko ikakhulana ndi chitsulo n'kusiyapo timizere tofiirira. Mkuwawo umalowerera m'malire a timbewu ta chitsulo, ndipo m'mbali mwa msoko mumatuluka timing'alu tating'ono ngati tsitsi. Timizereto tichotseni kaye ndi bulashi ya waya wa sitenilesi kapena galayinda yoyera musanayatse moto.

Ngati mudzawotcherere 904L, gwiritsani waya wowotcherera wa ER385, chepetsani moto, ndipo dikirani msoko uzizire kufika pansi pa madigiri 150 musanadutsenso kachiwiri. Mabawuti anuwo mangirani, alibe vuto.