Mayi, mwana wanu akudziwa zimene ananena

Mayi wina wa ku Wolverhampton, ku Britain, wandilembera kuti mwana wake wazaka 14 wabwezedwa kusukulu chifukwa chotchula mnzake "faggot". Mwanayo akuti mawuwa amatanthauza ndudu basi, aphunzitsi akungomuda. Mayiwo akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, mwanayo ndi wochenjera. Wakuuzani zoona pang'ono kuti abise zambiri. Ku Britain "fag" ndi ndudu ndithu, mnzanu wa kuntchito akamatuluka kukasuta mudzawamva. Ndipo konko ku West Midlands, m'mafiriji a m'sitolo muli "faggots", timibulu ta chiwindi cha nkhumba tothira msuzi, tina ta kampani ya Mr Brain's. Zaka za m'ma 1300 mawuwa ankatanthauza mtolo wa nkhuni. Koma ndani amaloza mnzake chala n'kumutcha mtolo wa nkhuni? Akalunjikitsidwa kwa munthu, amenewa ndi matukwano onyoza amuna ogonana ndi amuna anzawo, ndipo tanthauzo limeneli linalembedwa koyamba ku America mu 1914.

Ine ndinayamba kuwamva ku sekondale yogonera komweko, kwathu ku Malawi. Panali mnyamata wina wa mawu ofewa, woyimba kwaya, wokonda kusita malaya mpaka kolala kuuma gwa. Anyamata a Fomu 4 anamupatsa dzinalo atalitola m'mafilimu a ku America. Akamadutsa, hosteli yonse inkakuwa. Usiku ankamuthirira madzi pa matiresi. Nsima ndi nyemba zake ankakadyera kuseri kwa khitchini, ali chiimire, mbale ili m'manja. Titatsegulira Fomu 2 sanabwerenso. Panalibe amene ankadziwa ngati ankakonda amuna kapena akazi, ndipo panalibe amene zinkamukhudza. Mlandu wake unali kusasewera mpira ndi kuyenda mwaulemu.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima anthu akati ndi mawu chabe. Kobe Bryant, katswiri wa basketball wa ku America, nayenso anati sankatanthauza zimenezo pamene anatukwana woyimbira masewera ndi mawu omwewa mu 2011, koma bungwe loyendetsa masewerawa la NBA linamulipitsa madola 100,000. Pa Facebook pamayendanso nkhani yoti mawuwa anachokera ku mitolo ya nkhuni yowotchera anthu otere kalelo. Akatswiri a chiyambi cha mawu amati umboni wake palibe. Kuipa kwa mawuwa sikufuna kuwonjezera bodza.

Ndikudziwa kumene tachokera. Kwathu mawu akuti mathanyula amatuluka m'kamwa mosavuta, malamulo amati amuna ogonana ndi amuna anzawo angathe kukhala zaka mpaka 14 kundende, ndipo tonse tikukumbukira za 2010 pamene Bingu wa Mutharika anakhululukira anthu awiri aja atagamulidwa kale pa mlandu umenewu. Za chikhulupiriro chanu sindilowererapo. Koma sindinamvepo mbusa kapena shehe akuphunzitsa kuti mwana wa mnzako umutukwane mpaka asiye sukulu. Makolo amene amaseka mwana akalankhula chonchi ndi omwewo amene amathamangira kwa ahedi mwana wawo akanyozedwa chifukwa cha khungu lakuda.

Nanga mutani?

Mukapita kukakumana ndi aphunzitsi, za ndudu zija musakazitchule, adzangoona ngati mukumuikira kumbuyo. Mwanayo akapepese kwa mnzakeyo pamaso, osati pa foni. Mumuuzenso kuti akadzayamba ntchito, lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa kuzunza mnzako mwa njira imeneyi, ndipo abwana sadzamubweza kunyumba masiku ochepa chabe ngati mmene achitira kusukulu.