Za kufumbata ndi kupereka chinthu kwa akulu

Adzukulu ena a ku Katete afunsa kumene mawu akuti kufumbata anachokera, komanso ngati n'kulakwa kupatsa wamkulu ndalama utaifumbata.

Khasu timagwira, mbale timagwira, koma kufumbata n'kupinda zala zonse mpaka chinthucho chibisike m'chikhatho, kaya ndi mtedza kaya ndalama. Mawuwa ndi akalekale, ochokera kwa makolo a zinenero za Chibantu. Kachidutswa komaliza, -ata, kamanena za thupi kukhudzana ndi chinthu, ndipo mumakamvanso mu kupakata mwana ndi kufungata. Aswahili nawonso amati fumbata ndi pakata, tanthauzo lake lomweli.

Funso lachiwirilo likuyendera malo. Pamaliro, ngati chipepeso mukupereka kwa namfedwa mwini, chifumbateni ndithu. Khalani pansi kapena gwadani pafupi naye, dzanja lamanja patsogolo, lamanzere litagwira pamkono, ndipo mutsegule zala zanu m'chikhatho mwake mwakachetechete. Wapereka zochepa asachite manyazi, wapereka zambiri asaoneke wodzitama. Paukwati n'zina: pa perekaniperekani ndalama imaponyedwa poyera, anthu akuona.

Pamene ambiri mumalakwitsa ndi apa. Mumatambasula mkono muli chiimire, nkhonya ili gwa, n'kudikira kuti agogo atchere dzanja pansi pake. Kumeneko n'kumusandutsa wamkulu wopemphetsa. Tsikani kaye, mutu wanu usapose wake, kenaka mupereke. Ndipo dzanja lamanzere lokha silipereka kanthu kwa munthu, ngakhale lamanja litanyamula katundu. Tulani pansi katunduyo.

Polandira, musafumbate msanga. Yambani mwaomba m'manja, mulandire ndi manja awiri otambasula, muthokoze, ndiye mupinde zala. Wofumbata chinthu chisanachoke m'dzanja la mwini amaoneka ngati watsomphola. Kuwerenga ndalamayo pamaso pa wokupatsani ndiye ayi, pokhapokha ngati ndi malonda kapena ngongole, chifukwa apo kuwerengera pamodzi kumaletsa mkangano.

Amene mudzapite ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, yang'anitsitsani manja a anthu opereka mphatso kwa Kalonga Gawa Undi. Inunso anyamata, pokulangizani akulu manja akhale omasuka pamaondo, pakuti zala zopinda pabwalo zimaoneka ngati mkwiyo, ngakhale mutangozizidwa.