Furler ya thanga lakutsogolo pa boti la mamita 7

Achimwene, mwafunsa kuti ndi furler (chipangizo chokulungira thanga lakutsogolo) iti yoyenera boti lanu la mamita 7, lomwe mumagwetsa mlongoti pafupipafupi kuti mulikoke ndi galimoto.

Poyamba ganizirani ichi: mukufuna kumangokulunga thanga lonse, kapena muzithanso kulichepetsa mphepo ikakula? Furler ya dramu (pokulungira chingwe) pansi ndi swivel (cholumikizira chozungulira) pamwamba ndi yotsika mtengo, koma thanga lokulungidwa theka silikoka bwino pamenepo. Kuti muzichepetsa, pamafunika yokhala ndi foil, kapaipi kovala forestay yonse (waya wogwira mlongoti kuchokera kutsogolo kwa boti).

Ine ndingasankhe ya foil yapulasitiki yofewa, monga ya kampani ya CDI. Ya aluminiyamu, ngati Furlex, ndi yolimba ndithu, koma ikapindika pogwetsa mlongoti, kuiwongola ndi ntchito yaikulu.

Musanagule, yezani kunenepa ndi kutalika kwa forestay, komanso pini yake. Ngati thanga lanu ndi la timbedza tokolera ku forestay, osoka achotse timbedzato, asokerepo tepi yolowa mumpata wa foil, ndi nsalu yoteteza kudzuwa m'mphepete.

Mukatenga ya swivel pamwamba, samalani halyard, chingwe chokwezera thanga. Ikayenda mogundana ndi forestay imadzikulunga pomwepo, ndipo mukakakamiza ndi winchi (chokokera zingwe), waya atha kuduka, mlongoti n'kugwa. Chingwe cha furler chikalimba, siyani kukoka, yang'anani kumwamba kaye.