Nyimbo yakumbuyo ya vidiyo ya magemu, umu ndi momwe ndimapangira

Mphwanga, wafunsa kuti upange bwanji nyimbo yomveka chapansipansi pa vidiyo yoonetsa maklipu a gulu lanu la magemu poti situdiyo ulibe. Situdiyo siikufunika aise, ine ndimapangira mu kachipinda kanga konkuno ku Rosettenville ku Joni ndi laputopu ndi mahedifoni basi. Ngati ndalama ya FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, palibe tsitsa ina yotchedwa LMMS, ndi yaulere.

Chachikulu usatenge nyimbo ya mu gemumo kuyika momwemo, YouTube ili ndi Content ID, njira yozindikirira nyimbo za eni ake, ndipo ikangoigwira vidiyo itha kutsekedwa kapena ndalama kupita kwa eni ake, ntchito ya anthu onse aja kuthera m'madzi. Panga yako. Yamba ndi kalupu (kachidutswa ka nyimbo komangobwerezabwereza) ka mabala 8 kapena 16 (bala ndi kagulu ka mabiti) koti kakabwereza munthu asazindikire polumikizira, poyambira ndi pamene akutchula mayina a osewera ika liwiro la cha m'ma 90 BPM (mabiti pa mphindi imodzi), pofika pa nkhondo kapena zigoli kwezera 130 kapena 140 ndiye ng'oma zilowe zamphamvu. Ine ndimakonda kuponyamo malimba kapena kang'oma ka manganje pang'ono, anthu akumudzi akamva amadziwa kuti awa ndi athu.

Mawu oyimba usaikemo, amalimbana ndi woyankhula. Munthu akamayankhula nyimbo izitsika yokha, mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity muli Auto Duck imachita zimenezo.

Ukamaliza imvere pa sipika ya foni yotchipa osati mahedifoni okha, chifukwa ambiri adzaonera mu takisi popita ku ntchito ndipo besi yako mwina sidzamveka n'komwe. Uzisevanso pafupipafupi, magetsi a ku Joni ukuwadziwa.