Kwathu ndinali nambala wani, ku Chanco ndalakwa test yoyamba

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene wangoyamba chaka choyamba ku Chanco, ku Zomba. Akuti ku CDSS kwawo sankasuntha pa nambala wani kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo tsiku lonyamuka abale onse anamuperekeza mpaka pa siteji. Pano test yoyamba yabwera ndi malikisi amene sanawaonepo chibadwire. Akukhala ku Chikanda, kunja kwa kampasi, chipinda chimodzi anthu atatu, ndalama za ngongole sizinalowe, ndipo m'kalasi amaopa kukweza mkono poti anzake Chingerezi chimangoterereka pakamwa. Akufunsa kuti, "Kodi anandisankha molakwitsa? Ndibwerere kwathu?"

Mng'ono wanga, khala pomwepo. Mayeso a MANEB amene unalemba ndi omwewo amene analemba mtsikana wa ku St Mary's kapena ku Marymount, ndipo iweyo mwina unawalemba wopanda labu, mabuku ochita kubwerekana. A NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite, posankha anayang'ana mapointi, sanayang'ane kuti lilime lako likupinda bwanji mawu. Nzeru zomwe zinakufikitsa ku Chirunga, pa kampasi ya Chanco, sizinathawe m'basi. Chimene chasintha ndi kachitidwe ka sukulu, ndipo palibe amene anakukhazika pansi kukuuza.

Ku sekondale mphunzitsi amalemba manotsi pa bolodi, iwe n'kukopera, n'kuloweza, n'kuwabweza pa pepala. Belu limakuuza nthawi yodzuka ndi yoweruka, ukajomba a hedi amaitanitsa makolo. Ku yunivesite lecturer amalowa, amalankhula ola limodzi, amasiya mndandanda wa mabuku, basi wapita. Zimene wanena m'kalasi ndi mutu chabe wa nkhani, thunthu lake ukalipeze wekha ku laibulale. Funso likati discuss, sakufuna kuti umubwezere mawu ake omwe. Akufuna aone ngati wawerenga anthu awiri otsutsana, ndi kuti iwe waima mbali iti, chifukwa chiyani. Ndiye ophunzira amene anali akatswiri oloweza ndi amene amagwa kwambiri pa test yoyamba. Sindikudabwa kuti zakugwera.

Choncho pepala lako lija usalibise pansi pa matiresi. Litenge, ukagogode ku ofesi ya lecturer, unene kuti, "Bwana, ndimafuna mundionetse pamene ndinaphonya." Ambiri amakondwera kuona yaro, wophunzira wa chaka choyamba, amene wabwera kudzafunsa osati kudzapempha malikisi. Safunsa anadya phula. Ndipo fulumira, chifukwa ma test ndi ma assignment a m'kati mwa semesita amawerengeredwa pamodzi ndi mayeso otsiriza. Amene amadikira sabata ya mayeso kuti ayambe kuwerenga usiku wonse, ngati mmene tinkachitira poyandikira MSCE, amapezeka kuti gawo lina la malikisi linapita kalekale.

Pezanso malamulo a maphunziro a pasukulupo uwerenge wekha. Udziwe kuti munthu amalemba supp (mayeso obwereza) zikatani, amabwereza kosi zikatani, amawididwa (kuchotsedwa sukulu) zikatani. Usadalire zomva kwa ma conti, ophunzira amene anakutsogolera pasukulupo. Ena amaopseza dala kuti asangalale, ena amakunamiza kuti chaka choyamba n'chongosewera. Ndipo poti ndiwe mtsikana, conti amene wadzipereka kuti azikuphunzitsa ku chipinda chake usiku, muuze kuti mukumane ku laibulale masana. Uona yekha ngati nkhani yake inali ya sukulu.

Za Chingerezi sindichulukitsa. Cha pakamwa ndi cha pa pepala n'zosiyana, ndipo malikisi ali pa pepala. Peza anzako atatu kapena anayi a kosi imodzi muzikumana kawiri pa sabata. Kambiranani m'Chichewa mpaka mfundo imveke, kenako aliyense ailembe m'Chingerezi. Pa kagulu kotere mpamene manyazi amathera.

Kukhala ku Chikanda usakutenge ngati chilango cha osauka. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo mahositelo ake anamangidwira ophunzira ochepa poyerekeza ndi khamu la lero. Ndi chimodzimodzi ku Mzuni, ku MUBAS ndi ku Bunda, ambiri amachita lendi kunja. Vuto la kunja ndi nthawi: kutunga madzi, kukoleza mbaula, kuyenda wapansi, magetsi kuthima. Gawanani masiku ophika ndi anzako a m'chipindamo, musonkherane ufa, makala, nyemba ndi soya pieces. Masana usamabwerere kunyumba pakati pa makalasi, maola amenewo ndi a ku laibulale, chifukwa madzulo m'chipinda cha anthu atatu simuwerengeka. Ukachedwa ku kampasi, usayende wekha usiku.

Ndalama za ku HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, ndi ngongole, udzabweza ukadzamaliza. Zikalowa, yamba ndi a landilodi ndi chakudya cha mwezi wonse, foni yatsopano idikire. Ndipo kwanu akamva kuti zalowa, mafoni ayamba: feteleza, fizi ya mng'ono wako, mankhwala a agogo. Apa mpovuta, ndikudziwa, koma ukagawa zonse ugona ndi njala pakati pa semesita, ndipo njala siwerenga. Auze mwaulemu kuchuluka kwa zimene walandira ndi zimene lendi ikudya. Pamene ukudikira, zikafika pothina kapena mtima ukakulemera mpaka tulo kusowa, pita ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Inakhazikitsidwira nkhani ngati zimenezi, ndipo sudzakhala woyamba kulowamo ndi misozi.

Amayi akaimba foni, auze zoona kuti test yoyamba sinayende, osamangoti zonse zili bwino. Ukapita kwa lecturer uja undilemberenso, undiuze zimene wanena pa pepala lako.