Musathamangire penti, yambani ndi pansi pa sitimayo

Akuluakulu, mwafunsa kuti gulu lanu liyambire pati poti mwapatsidwa sitima yakale yachitsulo, yoyendera nthunzi, yomwe inkanyamula anthu okaona malo. Musanavomere n'komwe, itulutsidwe m'madzi, katswiri ayeze kuchindikala kwa zitsulo zapansi ndi makina a ultrasound. Chitsulo chomwe chadyeka pafupifupi kotala ya mmene chinalili poyamba, akatswiri oyeza sitima nthawi zambiri amalamula kuti chisinthidwe.

Kupatsidwa mwaulere kusakunyengeni. Sitima ya nthunzi ya Waverley, yomwe inayamba kunyamula anthu pa mtsinje wa Clyde ku Scotland mu 1947, inagulitsidwa ku bungwe la Paddle Steamer Preservation Society mu 1974 pa paundi imodzi yokha. Koma mu 2019 sinayende chaka chonse chifukwa cha vuto la maboila (mowiritsira madzi kuti apange nthunzi), ndipo panafunika mapaundi 2.3 miliyoni.

Ambiri amaopa madzi a kunja, chonsecho sitima yongokhala imadyekera mkati. Mvula imalowera m'mipata ya matabwa a pamwamba, n'kukadikha pansi pa boila, mosungira malasha ndi m'makona momwe burashi safika. Phulusa la malasha likanyowa ndiye dzimbiri limachita kuthamanga. Tsekani modontha monse, popani madzi, kolopani, koma siyani mpata woti mphepo izidutsa. Lona womanga thi amangosunga chinyezi n'kuoletsa matabwa.

Ngati zitsulo zake ndi zolumikiza ndi marivete (misomali yachitsulo yophwanthidwa mbali zonse ziwiri), wowotcherera asangofikira kuwotcha pafupi ndi mzere wake. Kutenthako kumakhwefula marivete, podontha pamodzi pamasanduka pasanu. Ma anode nawo, zidutswa zomwe zimamatidwa pansi pa sitima kuti zizidyeka m'malo mwa chitsulo chake, musasokoneze: zinki ndi wa m'madzi amchere, m'madzi opanda mchere ikani magnesium.

Boila musayatse ngakhale kongoyesa. Ayambe wayesedwa ndi madzi ozizira, omwe kawirikawiri amapopedwa kufika pa mphamvu yomwe boilayo amagwirira ntchito kuwonjezapo theka lake. Zoyera zokutira mapaipi muzitenge ngati asbestos, yemwe fumbi lake limawononga mapapo, mpaka zitayezedwa, wongodzipereka asazikhudze. Injini ipakeni mafuta, muziitembenuza pamanja mwezi ndi mwezi kuti isagwirane.

Za mbiri yake, chilichonse chochotsedwa chijambulidwe chili pamalo pake, chilembedwe nambala, chisungidwe ngakhale chitaola, poti mmisiri adzaonera pomwepo. Amene anagwirapo ntchito m'sitimayo, ngati alipo, akajambulidwe mawu chaka chino.