Zotsatira zasokoneza, ndiye kuti ndi BP ya mimba?

Imelo ya sabata ino ndi ya mayi wa mimba ya mapasa, miyezi 7. Akuti kusikelo BP ikutuluka bwinobwino koma mkodzo wasonyeza puloteni, mapulateleti (tizigawo ta m'magazi tothandiza magazi kuundana) atsika, ndipo mchemwali wawo wa ku UK akuwakakamiza kuti akayezetse magazi kuti aone sFlt-1/PlGF, mapuloteni awiri ochokera ku nsengwa. Akufunsa ngati ali ndi preeclampsia, matenda oopsa a BP ya mimba.

Achemwali, chigamulo ndi cha adokotala amene akukuonani, koma manambalawa pali zambiri zomwe zimawakankha uku ndi uku. Preeclampsia kawirikawiri imabwera masabata 20 atadutsa, BP ili 140/90 kapena kuposa apo, zinazo zimawerengedwa pamodzi ndi BP yo.

Tiyambe ndi mkodzo. Kapepala kaja anesi amaviika mukabotolo kamatha kusintha mtundu ngakhale vuto lili matenda a m'chikhodzodzo, kaya chikazi chalowa mumkodzo, kaya tsikulo simunamwe madzi mkodzo wabwera wofiirira, ndipo ngati mumachapa kunyanja musaiwale likodzo. Mapulateleti nawo mimba payokha imawatsitsa pang'ono, malungo ndiye amawagwetsa zedi, madokotala amadzidzimuka akatsika pansi pa 100,000. Creatinine, yomwe amayeza m'magazi poona mmene impso zikugwirira ntchito, ndi yachinyengo mwanjira ina, pamimba impso zimasefa kwambiri ndiye imayenera kutsika, nambala yomwe kwa bambo akunyumba ndi yabwino kwa inu itha kukhala yokwera kale.

Tsopano za ku UK zija. sFlt-1 ndi PlGF zimachokera ku nsengwa, nsengwa ikamavutika yoyambayo imakwera inayo nkutsika. Kafukufuku wa PROGNOSIS wa 2016 anapeza kuti mukagawa nambala ya sFlt-1 ndi ya PlGF nkupeza 38 kapena kuchepera, mwayi woti matendawa abwere mkati mwa sabata imodzi ndi wochepa kwambiri. Koma aja anali amayi a mwana mmodzi m'mimba! Inu mapasa, nsengwa ndi yochuluka, sFlt-1 imakwera ngakhale zonse zili bwino. PlGF nayo imakwera mpaka cha m'masabata 30 kenako nkuyamba kutsika yokha, kusuta fodya kumaikweza, ndipo ku Tanzania anapeza kuti malungo a munsengwa amakweza sFlt-1 mwa amayi a mimba yoyamba. Ine ndalama yanga ndingayambe ndaika pa kuyezetsa BP pafupipafupi, mapasa paokha amawonjezera chiopsezo.

Auzeni anesi ngati munadwala malungo posachedwa, apempheni abwerezenso mkodzo. Koma mutu ukamapweteka osasiya, maso kuona chimbuuzi, kuwawa pansi pa nthiti kumanja, nkhope kutupa mwadzidzidzi, musadikire tsiku la sikelo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.